Mankhusu, phulusa ndi dzuwa: malangizo a pakhomo kwa anthu a ku Karonga

Kuseri kwa chigayo cha mpunga, kaya ndi pa boma, ku Kaporo kapena ku Uliwa, simulephera kupeza mulu wa mankhusu. Mwini chigayo akatopa nawo amangouyatsa, ndipo umafuka utsi masiku angapo. Kumaso kwa chigayo chomwecho kumadutsa njinga zitasenza matumba a makala ochokera kumapiri, ndipo mayi amene wangopunthitsa mpunga wake amaimitsa njinga n'kuyamba kunenerera mtengo. Moto wina ukutayika kuseri, wina ukugulidwa kumaso.

Anthu ambiri akamva za kusamala chilengedwe amaganiza za misonkhano ya mabungwe ndi zikwangwani za m'mbali mwa msewu. Koma pakhomo la ku Mwenitete kapena ku Ngara nkhaniyi imagona pa mafunso awiri: n'chiyani chikulowa pano ndi ndalama, nanga n'chiyani chikutuluka chisanagwire ntchito? Boma lino lili ndi mpunga, ng'ombe, nthochi, chinangwa, nyanja, ndi dzuwa loti mu Okutobala ndi Novembala mchenga suyendeka wopanda nsapato. Zonsezi zimasiya zotsalira, ndipo zambiri mwa zotsalirazo zikhoza kulowa m'malo mwa zinthu zimene tikugula.

Palinso chifukwa china chimene anthu a kuchigwa amachidziwa bwino kuposa wina aliyense. Mitsinje ya North Rukuru, Lufilya ndi Wovwe imachokera kumapiri isanatsikire kuno. Phiri likameteka, mvula siilowa pansi. Imathamanga ndi dothi, mchenga umadzaza mtsinje, ndipo madzi amafuna njira ina kudzera m'minda ndi m'nyumba za anthu. Madzi omwewo ndi amene amathirira masikimu a mpunga a Lufilya, Wovwe ndi Hara, komanso kuzunguza makina a magetsi a pa Wovwe. Thumba la makala logulidwa pa boma lili ndi mtengo wachiwiri umene umalipiridwa mu Malichi ndi Epulo, ndipo kawirikawiri wolipira si amene anaphikira.

Kukhitchini

Yambirani kukhitchini, chifukwa mitengo yambiri imathera kumeneko. Pa mafuwa atatu moto umamwazika. Mphika umalandirako pang'ono, wotsalawo umapita ndi mphepo kapena kuwotcha miyendo ya wophika. Chitetezo mbaula, youmba ndi dongo n'kuotcha ija, imasonkhanitsa moto pansi pa mphika, ndipo mukaizolowera, mtolo umene unkatha masiku awiri umafika tsiku lachitatu. Boma la Malawi linadziikira cholinga chofikitsa mbaula zosawononga nkhuni pa makomo 2 miliyoni pofika 2020, n'chifukwa chake m'madera ambiri muli magulu a amayi odziwa kuumba. Pogula igogodeni ndi chala: yopsa bwino imalira, yosapsa imamveka bubu. Masiku oyamba muzisonkha moto wochepa kuti dongo lizolowere, musazimitse ndi madzi, ndipo isagone pamvula. Timing'alu ting'onoting'ono tisakuopseni, koma ikayamba kuyasamuka imangeni ndi waya. Amene alibe ndalama yogulira akhoza kumanga mbaula yokhazikika ya njerwa zosaotcha ndi dothi, ngati Changu Changu Moto imene bungwe la Ripple Africa linafalitsa ku Nkhata Bay.

Mbaula zimenezi sizifuna zipika. Zimafuna tinkhuni touma, tiwiri kapena titatu, tokankhidwa pang'onopang'ono. Nthambi zosadzira mango, mitengo ya nandolo, zitsononkho ndi mitengo ya chinangwa youma zonse zimaphika. Wosonkha nkhuni zambiri mu chitetezo mbaula amatseka mpweya, utsi umachuluka, kenako amati mbaulayo njabodza.

Pali chinthu chimodzi chimene ogawa mbaula sakonda kunena, ndipo umboni wake unachokera konkuno. Pakati pa 2013 ndi 2016 akatswiri a Liverpool School of Tropical Medicine, mogwirizana ndi ofufuza a ku Chilumba, anachita kafukufuku m'midzi ya ku Karonga ndi ku Chikwawa pa ana oposa 10,000 osakwana zaka 5. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zamakono zokhala ndi kafani kopemerera moto, ena anapitiriza kuphika pa mafuwa. Zotsatira, zimene zinasindikizidwa m'magazini ya The Lancet, zinadabwitsa ambiri: chibayo sichinachepe mwa ana a m'mabanja olandira mbaula. Chimene chinachepa ndi kupsa ndi moto. Mbaulazo zinkawonongeka pafupipafupi, mabanja ambiri ankabwerera ku mafuwa mphika ukakula, ndipo mwana amapuma utsi wochokera kwina: kudzala, kwa aneba, kumunda kumene akutentha mapesi. Choncho gulani mbaula kuti nkhuni zisathe msanga ndi kuti ana asagwere pamoto. Utsi wokha umafuna njira zake. Phikirani pakhonde kapena pansi pa mtengo nyengo ikalola, ndipo kuno imalola miyezi yambiri. Khitchini ikhale ndi mpata pakati pa khoma ndi denga, ndi zenera loyang'anizana ndi khomo. Nkhuni ziume pamsanja musanazisonkhe. Mwana wa kumsana mumpatse wina pamene mukukoleza moto. Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chotseka, ngakhale mu Juni, chifukwa mpweya wake umapha mwakachetechete.

Zina n'zazing'ono koma zimapulumutsa nkhuni tsiku lililonse. Mphika uzikhala wovundikira. Nyemba muziviika usiku. Tomato, anyezi ndi madzi zikhale pafupi musanayatse moto, osati moto uli lawilawi inu mukutuma mwana kumsika. Mukatha kuphika kwirirani makala otsala ndi mchenga. Mawa muyambira omwewo.

Tsopano tibwerere ku mankhusu aja. Mpunga wosapuntha wolemera makilogalamu 50 umatulutsa mankhusu pafupifupi makilogalamu 10. Ndi anu, munalima nokha. Tengani thumba lina popita kuchigayo.

Ntchito yawo yoyamba ndi dengu lomalizira kuphika. Pezani dengu lalikulu kapena katoni yolimba. Sokani mapilo awiri a nsalu yakale n'kudzaza mankhusu ouma: lina lalikulu loyala pansi ndi m'mbali, losiya phanga lokwana mphika wanu bwinobwino, lina loika pamwamba. Mpunga wa Kilombero ukawira mphindi 5, uphuleni uli chivundikirire, ikani m'dengu, tsekani ndi pilo. Pakatha mphindi 40 wapsa, osapserera, osafunanso makala a pamwamba pa chivundikiro. Madzi muchepetseko pang'ono chifukwa satuluka ngati nthunzi. Nyemba zoviikidwa ziwire kwambiri mphindi 20 kapena 30, kenako zikhale m'dengu maola atatu kapena anayi. Nyama ya mbalagha nayo imafewa chimodzimodzi. Nthochi mudzathira pomaliza. Osasuzumira, kutentha kumathawa. Chakudya chikakhalitsa kupyola theka la tsiku chiwiritseninso musanadye. Nsima ndi kondowole zokha ndizo sizilowa m'dengu, poti zimafuna mthiko. Mwa malangizo onse ano, dengu ili ndilo ndingalimbikitse munthu kuyambira, chifukwa silifuna ndalama ndipo phindu lake limaoneka tsiku lomwelo.

Ntchito yachiwiri ndi kuwasandutsa makala. Boolani mabowo ambiri pa chitini chachikulu, lumikizani paipi yachitsulo pamwamba ngati chumuni, kolezani kamoto pansi, vundikirani ndi chitinicho, ndipo unjikani mankhusu mozungulira. Moto umadya kuchokera m'kati. Pamene pakuda, kokerani mankhusu ena pamenepo, mpaka mulu wonse utada. Mwazani ndi fosholo n'kuthira madzi msanga. Mukachedwa mupeza phulusa loyera lokhalokha. Mankhusu akudawo sinjani pang'ono, sakanizani ndi phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa, umbani timibulu kapena tsindirani m'kapaipi, ndipo yanikani pafupifupi sabata. Ndinene zoona: makala a mankhusu ali ndi phulusa lambiri ndipo moto wake sufika pa wa makala a mtengo. Ndi abwino pa nyemba, madzi osamba ndi chilichonse chofuna moto wofatsa wokhalitsa. Mukawasakaniza ndi fumbi la makala lija limatsalira pansi pa thumba, amayaka bwinoko. Ntchitoyi ichitikire panja, kutali ndi denga la udzu.

Lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo kuotcha kapena kugulitsa makala popanda chilolezo ndi mlandu. Komabe wootcha makala kumapiri sachita chifukwa chodana ndi mitengo. Ana ake amafuna kudya. Amene ali ndi mpata wosintha ndi wogula. Banja la pa boma limene lili ndi magetsi a ESCOM liyerekeze mayunitsi amene mphika wamagetsi wophikira mpunga umadya pamwezi ndi mtengo wa thumba la makala. Ambiri sanawerengepo.

Madzi

Karonga amavutika ndi madzi pawiri: akachuluka ndi akasowa. Kumpoto, cha ku Kaporo ndi kwa Mwakaboko, mvula imakhalitsa mpaka Epulo, pamene cha ku Lupembe ndi Mlare imadula msanga. Konseko denga la malata ndi chitsime chimene chikutayidwa. Mvula ya milimita imodzi pa denga la mita imodzi m'litali ndi m'lifupi imapereka lita imodzi. Nyumba ya mamita 8 kwa 6 ikagwa mvula ya mamilimita 20 imatsitsa malita oposa 900, migolo inayi ndi kupitirira. Pindani lata lakale likhale ngalande, lozetsani mumgolo. Madzi oyamba muwataye, amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame. Mgolo ukhale wotseka nthawi zonse, apo ayi mwaweta udzudzu pakhomo.

Madzi akumwa si oseweretsa kuno. Kolera anavuta boma lino kumapeto kwa 2017, ndipo mliri wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unafikanso m'madoko a nyanja. Kuwiritsa madzi kumadya nkhuni, n'chifukwa chake ambiri amangosiya. Klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa ndiye njira yotsika mtengo. Thirani muyeso umene akuuzani ndipo dikirani mphindi 30. Dzuwa nalo limathandiza: mabotolo apulasitiki oyera mbee, osapyola malita awiri, odzaza madzi osadetsedwa, agonekeni pa malata kuyambira m'mawa kwa maola 6, kapena masiku awiri kukakhala mitambo. Madzi amatope ayambe adikha ndi kusefedwa pansalu. Kolera akabuka m'mudzi kapena madzi akasefukira m'zitsime, siyani za mabotolo, gwiritsani ntchito klorini kapena wiritsani. Sungani mumtsuko wotseka, ndipo kapu yotungira isakhale yomwera. Mtsuko wadothi pamthunzi umaziziritsa madzi popanda yuniti ngakhale imodzi.

Madzi a kubafa ndi a pathandala la mbale asamangopanga chithaphwi cha abakha. Kumbani dzenje lakuya kufika m'mawondo kumene madziwo amathera, dzazani mapesi, masamba ndi mankhusu, ndipo m'mphepete mwake bzalani nthochi, mapapaya kapena nzimbe. Angonde akhala akuzunguliza nyumba zawo ndi nthochi kuyambira kale, akuzidyetsa ndowe ndi phulusa. Palibe chachilendo apa. Chosamala n'chakuti matenda a chisaka atha minda ya nthochi m'maboma ambiri. Nthochi yopinimbira, ya masamba ang'onoang'ono othithikana pamwamba, siichira. Zulani phata lonse, duladulani, kwirirani, ndipo mbewu yatsopano muifunse kwa alangizi, osangopempha mphukira kwa mnzanu chifukwa ikuoneka yobiriwira.

Chimbudzi chikhale mamita 30 kuchoka pachitsime, ndipo kumunsi kwake. M'malo a mchenga ndi a madzi apafupi dzenje lakuya limagumuka chaka ndi chaka. Kuli bwino kukumba losaya, kumanga m'mbali, ndi kukweza pansi pake. Muzithira phulusa ndi dothi pang'ono mukatha kudzithandiza, fungo ndi ntchentche zimachepa. Dzenje losaya likadzaza, kwirirani dothi lokwanira, dikirani miyezi ingapo, bzalanipo mango. Mpondagiya akhale pakhomo pa chimbudzi, ndi sopo kapena phulusa.

Khola ndi dzala

Boma la ng'ombe zochuluka chonchi siliyenera kulira feteleza ngati mmene alirira anzathu a kumene kulibe ziweto. Vuto n'lakuti ndowe zimakhala m'khola la pamtetete, dzuwa likuziwamba, mvula ikuzitsuka, mkodzo ukulowa pansi. Mphamvu yambiri ili mumkodzomo. Yalani mankhusu kapena mapesi a mpunga m'khola la ng'ombe, la nkhumba ndi la nkhuku kuti amwe mkodzo. Pakatha masabata angapo kokolani zonse, unjikani pamthunzi, vundikirani ndi masamba a nthochi. Mankhusu paokha amachedwa kuola, koma akadutsa m'khola amafulumira. Muluwo muziutembenuza, ndipo uzikhala wachinyezi choti mukafinya m'manja madzi asadonthe. Zikani ndodo pakati: mukaizula ili yofunda, manyowa akupsa, ikakhala yozizira mulu usanaole, mwina wauma kapena ndowe zachepa. Alangizi a zaulimi amaphunzitsa njira za Changu, Chimato ndi ya dzenje. M'malo osefukira madzi sankhani za pamwamba, chifukwa dzenje limasanduka dziwe.

Manyowa a Mbeya atchuka chifukwa amatambasula feteleza wochepa. Miyeso imasiyanako malinga ndi wophunzitsa, koma yofala ndi iyi: makilogalamu pafupifupi 20 a ndowe zouma zosinja, 20 a madeya, 10 a phulusa losefa, 10 a feteleza, ndi madzi malita 5. Sakanizani bwino, thirani m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati, mangani kuti mpweya usalowe, sungani pamthunzi masiku 21, kenako yanikani pamthunzi pomwepo musanapite nawo kumunda. Musakhulupirire wokuuzani kuti thumba limodzi la feteleza lasanduka matumba asanu a mphamvu yofanana. Feteleza sabereka. Chimene mwapindula n'chakuti ndowe, madeya ndi phulusa zawonjezerapo zawo, ndipo nthaka yalandira chakudya chimene feteleza payekha sapereka. Pa nthaka yamchenga ya m'mbali mwa nyanja phindu limenelo si laling'ono.

Mapesi a mpunga musatenthe mukakolola. Unjikani pamsanja kuti ng'ombe zidzadye mu Okutobala msipu ukatha, otsala muphimbire mabedi a kudimba. Mankhusu akuda aja, mukawasakaniza ndi manyowa, amathandiza dothi la nazale kusunga madzi.

Dzala likhale pawiri: la zoola ndi la zosaola. Makoko a chinangwa, a nthochi, mamba a nsomba ndi zosesa za pabwalo zipite ku manyowa. Mabatire a tochi, magalasi ndi zitini za mankhwala zisayandikireko. Botolo la mankhwala ophera tizilombo lisasanduke losungira mchere kapena mafuta, ngakhale mutalitsuka kangati.

Pa zokolola, matumba a PICS, okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati, amapha anankafumbwe powamana mpweya, osathira mankhwala. Chimanga kapena nyemba ziume kwambiri, thumba lililonse la m'kati limangidwe palokha, ndipo makoswe asalipeze, chifukwa kabowo kamodzi kathetsa ntchito yonse. Mukawasamala amagwira ntchito zaka zingapo.

Majumbo ndi maneti

Malamulo a 2015 analetsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60, ndipo khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, ngakhale kuti makampani anapitiriza kukokana ndi boma m'makhoti. Tsidya la Songwe, dziko la Tanzania linaletsa majumbo kuyambira pa 1 Juni 2019, ndipo amene amakagula katundu ku Kyela anazolowera msanga kunyamula chikwama chawo. Chimene timatha tikawoloka mlatho sitingachilephere pamsika wa pa boma. Dengu la mlaza, chikwama chosoka ndi chitenje chakale, kabakuli ka chivundikiro kogulira usipa, botolo lanulanu la mawese: basi. Majumbo amatseka ngalande za m'tauni yathyathyathya ngati Karonga, ndipo aliyense amene anaonapo ng'ombe ikutumbulidwa amadziwa zimene zimapezeka m'chifu. Chizolowezi choyatsira mbaula ndi jumbo chisiyeni. Utsi wake ndi woipa kuposa wa nkhuni, ndipo zitsononkho kapena udzu wouma zimagwira ntchito yomweyo.

Neti ya udzudzu ndi yogonamo. Ikalowa m'nyanja imakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, ndipo malamulo a zausodzi amaletsa. Wogula ali ndi mbali yake: kasawala ndi chambo cha mawa, musamugule. Neti ikang'ambika moti siingasokeke, itchingireni anapiye kapena nazale.

Dzuwa

Sola yafika m'midzi yambiri, koma zambiri zimafa chaka chisanathe, ndipo nthawi zambiri chimafa ndi batire. Kuno tili kumwera kwa equator, choncho panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono kuti mvula izitsuka. M'chilimwe muziipukuta ndi nsalu yonyowa m'mawa dzuwa lisanakwere, chifukwa fumbi limadya magetsi. Mthunzi wa nthambi imodzi pakona umafooketsa panelo yonse. Batire imadana ndi kutentha, ndiye isakhale pansi penipeni pa malata kapena padzuwa. Ikhale pansi, pathabwa, podutsa mphepo. Musalumikize panelo ku batire popanda kabokosi kowongolera magetsi, ndipo musaikame mpaka nyali zitazima zokha. Batire yothira madzi imafuna madzi ake a batire, osati a pamjigo. Ikatha musaiswe pakhomo: mtovu wa m'kati umawononga ubongo wa ana. Ibwezeni kwa ogula mabatire akale. Kwa banja limene likungofuna kuwala ndi kutchaja foni, nyali ya sola yabwino imodzi yogula kudzera ku banki m'khonde imaposa zipangizo zambiri zotchipa zolumikiza mwachisawawa.

Dzuwa lomweli limaumitsa mango amene amaolera pansi mu Disembala. Sendani osapsetsa, dulani mopyapyala, yanikani pathandala lokwera, phimbani ndi kansalu kopyapyala kuti ntchentche zisatere. Mfutso wa nkhwani, chigwada ndi khwanya uume pamthunzi wodutsa mphepo kuti usataye mtundu.

Nyumba yotentha siyamba ndi fani. Mphasa zomangirira pansi pa malata zimatchinga kutentha kumene kumatsika masana. Mazenera ayang'anizane kuti mphepo ya kunyanja izidutsa, ndipo kumadzulo kwa nyumba kukhale mtengo wamthunzi. Amene akumanga akumbukire zivomezi za mu Disembala 2009, zimene zinagwetsa ndi kung'amba nyumba zambiri m'boma lino: khoma lalitali la njerwa zomangira dothi, lopanda lamba wa simenti pamwamba, silipirira. Uvuni umodzi wa njerwa umadya mitengo ikuluikulu, kuphatikizapo mango amene akanadyetsa mudzi. Kuyambira 2018 malamulo amafuna kuti zomanga zikuluzikulu zisagwiritse ntchito njerwa zootcha ndi nkhuni. Wa pakhomo afunse mtengo wa mabuloko a simenti kapena njerwa zotsindira pamakina asanagwetse mtengo, ndipo ngati n'kuotcha, ku Tanzania alipo amene amaotcha njerwa ndi mankhusu a mpunga omwewa.

Mitengo

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, ndipo chaka chilichonse timamva za mbande zambirimbiri zobzalidwa. Zimene zapulumuka pofika Novembala palibe amene amaimba nazo nyimbo. Pakhomo, mitengo 10 yosamalidwa imaposa 200 yotayidwa m'maenje pa tsiku la mwambo. Kumbani maenje mvula isanayambe, thiranimo manyowa, bzalani nthaka ikanyowa mokwanira osati kumapeto kwa dzinja, siyani kabeseni kosunga madzi, ndipo phimbirani ndi mapesi osakhudza tsinde poopa chiswe.

Sankhani mtengo malinga ndi ntchito. Keshya ndi mtangatanga zimapereka nkhuni ndipo zimaphukanso mukadula. Gilisidiya m'malire a munda amapereka masamba a manyowa ndi tinkhuni ta chitetezo mbaula. Nsangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero sutchinga mbewu, ndipo ng'ombe zimadya zipatso zake m'chilimwe. Chammwamba pafupi ndi khitchini ndi ndiwo. Bulugama asayandikire chitsime kapena dimba. Nandolo, ngakhale si mtengo, amapereka ndiwo, nkhuni ndi chonde pa chaka chimodzi.

Njira yotsika mtengo koposa ndi kulera zitsa. Chitsa cha mtengo wachilengedwe chimene chikuphukira m'munda kapena m'phiri chili kale ndi mizu yakuya, sichifuna kuthirira, ndipo chimakula msanga kuposa mbande ya m'chubu. Sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, dulani zotsalazo ndi chikwanje chakuthwa, sadzani nthambi za m'munsi chaka ndi chaka, ndipo lambulani udzu mozungulira moto wolusa usanayambe. Amene munda wake wagunda mtsinje asiye mpata m'mphepete, abzalemo bango, nsenjere, vetiva kapena nsungwi. Mizere iwiri ya chimanga imene mukuikakamira pagombe ndi imene mtsinje umayambira kudya munda wonse.

Apa pokha ndi pamene khomo limodzi silingathe lokha. Mpunga ukakololedwa ng'ombe ndi mbuzi zimamasulidwa, ndipo mbande yosatchingidwa siigona masiku awiri. Tchingani mtengo uliwonse ndi minga, nsungwi kapena njerwa zosweka zosanjikiza mosiya mipata. Koma za ziweto zoyenda zokha, za moto wa osaka mbewa ndi za kulima m'mphepete mwa mtsinje zimafuna bwalo la amfumu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi, ndi chindapusa chimene aliyense wagwirizana nacho. Nkhaniyi muipititse kubwalo mu Meyi kapena Juni, ziweto zisanamasulidwe, ndipo eni ng'ombe akhalepo pokambirana.